Chishalo cha Malemu

Senderani kuno, ana anga, inu amene mwayamba kupalasa njinga ndi katundu kumbuyo. Khalani moyandikana, chifukwa mawu ena sindingawakweze, amuna ali pakhonde apowo angatole. Mwakhala mukundifunsa kuti ntchito yonyamula mabanzi ndinaiyamba bwanji, ndiponso chifukwa chake ndisanakwere njinga iliyonse ndimayamba ndasisita chishalo ngati munthu wogula mbuzi. Lero mumva. Koma dzina limodzi silituluka m'kamwa muno, dzina la apongozi anga aamuna. Anagona kalekale, komabe sindinalitchulepo, ndipo sindiyamba lero.

Ine kwathu ndi ku Dowa. Amuna anga, bambo a Lusayo, tinakumana ku esiteti ya fodya ku Kasungu, iwo n'kunditenga kubwera nane kuno ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Akwawo anapereka ng'ombe kwa akwathu. Ine ndinkangoseka, ndimvekere kodi ndasanduka munda? Sindinadziwe kuti ng'ombezo sizinali za ine ayi, zinali za ana amene ndinali ndisanabereke. Kwathu mwana ndi wa mayi ake. Kuno mwana ndi wa khola limene munatuluka ng'ombe.

Tsiku lomwe ndinafika anandiphunzitsanso lamulo lina. Mkazi wa mwana wawo, amene kuno amati mkamwana, saonana maso ndi apongozi aamuna. Sayankhula nawo, sawatchula dzina, salowa m'nyumba imene iwo alimo. Ukawaona akubwera m'njira, umapatukira kutchire, n'kugwada, n'kufunda chitenje kumutu mpaka atadutsa. Zaka zonse zija apongozi ndinkawadziwa ndi zinthu ziwiri basi: kachifuwa kawo kouma, ndi nkhwayira zawo za tayala zimene zinkalira phwa, phwa, phwa m'fumbi.

Bambo a Lusayo anadwala dzinja lina, n'kutisiya mvula isanathe. Anandisiyira ana awiri, Lusayo ndi mlongo wake Tiwonge, amene anali akuyamwabe chala. Maliro atatha, abale anagwirizana kuti ndikhalebe m'nyumba ya malemu ndizilera anawo. Amene anabwera kudzandiuza anali mlamu wanga Esnati, mlongo wa malemu, yemwe ukwati wake unatha n'kubwerera kwa bambo ake. Iyeyo ndiye anali pakamwa pa apongozi. Mawu awo onse obwera kwa ine, ndi anga onse opita kwa iwo, ankadutsa mwa Esnati.

"Palibe akukuthamangitsani, mulamu," anatero uku akusenda chinangwa, osandiyang'ana. "Koma tsiku limene tidzamve fungo la mwamuna wina, msewu wa ku Dowa mukuudziwa. Ana adzakuperekezani mpaka pamphambano, n'kubwerera."

Mawu amenewo muwasunge, chifukwa nkhani yonseyi yakhala pa iwo.

Chaka chimenecho chimanga chinakanika, ndipo ana anga anayamba kusuzumira m'mapoto a eni. Tsiku lina kuchigayo ndinamva mayi wina akukalipira mwana wake m'Chichewa chenicheni cha kwathu, ine n'kupita kukamulonjera. Anali Mayi Kachingwe a ku Ntcheu, amene anali ndi golosale pamsika ndi uvuni ya njerwa kuseri kwake. Bambo amene ankawanyamulira mabanzi anali atalowera ku Tanzania osatsanzika.

"Mumatha kupalasa?" anandifunsa.

"Ndinaphunzira ku esiteti."

"Nanga njinga?"

Njinga inalipo, ya malemu, yomangiriridwa kudenga m'nyumba ya apongozi kuyambira tsiku la maliro. Ndinatuma Esnati. Mawa lake anabwera nayo, pamodzi ndi mawu awa: "Adada akuti tengani, koma njingayi ndi ya Lusayo akadzakula. Isamasulidwe kanthu, ngakhale nati imodzi. Ikhale mmene mwini wake anaisiyira." Ndinagwada kuloza kunyumba kwawo, ndimvekere yewo, yewo chomene, ndiko kuthokoza kwa kuno.

Inali njinga yachimuna, yakuda, ya mtanda pakati. Tsono bambo a Lusayo anali munthu wamtali, wowerama polowa pakhomo, pamene ine mukundiona nokha, ndine chitsa. Chishalo anachikweza mpaka chinkafika m'nthiti mwanga. Chinali chachikopa, chouma gwa, chokhala pa masipuling'i awiri, mphuno yake yoloza kumwamba. Chikopacho chinali chitalowa timaenje pamene mafupa a malemu ankakhala, ndipo kumanzere chinali ndi mng'alu wakuthwa ngati phale. Ukakhalapo chinkalira ng'wii, ng'wii. Tsiku loyamba nditalowa nayo pamudzi, Tiwonge anatuluka m'nyumba akuthamanga, akufuula kuti adada, adada. Atandiona anaima njii, n'kubwerera m'nyumba osalira. Anali atamva kulira kwa chishalo cha bambo ake.

Ntchito yake inali yotere. Kum'mawa kukayamba kufiira, ndili kale pauvuni. Mabanzi sulongedza ali otentha, amachita thukuta n'kumatana. Umawasiya apume, kenako n'kuwaika m'bokosi lamatabwa loyalidwa nsalu yoyera, pamwamba pulasitiki. Bokosilo umalikhazika pakaliyala n'kulimanga mopingasa ndi malegeni, aja timadula kuchubu chakutha. Ukatha uligwedeze ndi dzanja. Likasuntha, masula uyambirenso. Matayala umawatsina ndi chala chachikulu. M'kathumba umatenga pampu, zigamba, guluu ndi masipuni akale ochotsera tayala. Kenako ulendo: nyumba za aphunzitsi, kuchipatala chaching'ono chija, ndiye maokala a m'mbali mwa msewu wopita ku Wenya, mpaka bokosi litapepuka. Mayi Kachingwe anali ndi lamulo limodzi lokha: "Banzi lofika masana ndi mwala, banzi lonyowa ndi phala. Zina zonse mudziwa nokha."

Miyendo yanga sinkafika bwino pamapedulo. Kuti ndiponde kumanja, thupi lonse linkatsetserekera kumanja. Kuti ndiponde kumanzere, linkatsetserekeranso kumanzere. Ndiye muganize, ulendo wonse wopita ndi wobwerera, m'mphechepeche mwanga mukupekesana ndi chikopa chouma chija ngati munthu akupeka moto. Buluku sakanavala mkazi wamasiye pamudzi wa apongozi ake. Ndinkakwera ndi chitenje ndi pitikoti, zonse zikukwinyikira pakati pa miyendo, misoko yake ikucheka, thukuta ndi fumbi zikuthira mchere.

Zinayamba ngati tsabola. Kenako khungu linasupuka, posamba n'kumaluma mlomo. Ndinakulunga chishalo ndi nsanza, pamwamba siponji, n'kumanga ndi legeni, poganiza kuti chofewa sichiluma. Ha! Nsanza zija zinangochikweza kuposa kale. Zinkamwa thukuta osauma, mawa n'kukhalanso pa chinyezi cha dzulo. Mbali ya kumanzere kunamera kachotupa ngati nthudza. Kanakula kufika dzira la nkhuku, kolimba, kotentha, ndipo mwanabere anatuluka pambali pake.

Mayi Kachingwe anaona mmene ndinkatsikira panjinga. "Amayi, chishalocho n'chachitali. Kachitsitseni."

Ndinapita kwa wokonza njinga pamsika, yemwe anali m'bale wa pamudzi pathu pomwepo. Atangoiona anaika manja kumsana. "Iyi n'ja malemu, mama. Mdala akalole kaye. Ine sindifuna kulota malemu."

Tsono kuti mdala alole, ndikanatuma Esnati, ndipo Esnati akanafunsa chifukwa chake. Inu mungatume mlamu kwa apongozi aamuna kukawauza za malo amenewo? Ndinabwerera kwa Mayi Kachingwe chishalo chili pomwepo. Anapukusa mutu. "Ulemu wa kuno udzakuikani m'manda muli chogwada."

Pamudzi zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono, ngati mitambo ikamasonkhana pa Mafinga. Ndikafika pamjigo, amayi ankadula nkhani. Nkhalamba ina yogulitsa fodya wamphuno inandiimitsa m'njira n'kugwira handulo. "Njinga ya wakufa imafuna mwini wake, mama. Ikapanda kumupeza imadya wokwerayo." Ndinayamba kuiopa njingayo. M'mawa ndikatsegula chitseko n'kuipeza itatsamira khoma, ndinkaona ngati yakhala ikundidikira.

Kenako Esnati anapeza nsalu zanga zimene ndinayanika mobisa kuseri kwa nthochi, zili ndi madontho amene sopo anawalephera. Madzulo ake pamjigo, pamaso pa amayi onse, anati: "Mulamu, mwayamba kuyenda ngati bakha. Mabanzi akulemera chonchi?"

"Ndi zitunda, mulamu."

"Zitunda! Si madalaivala a malole aja amagula mabanzi osatsika m'galimoto? Ife tinamva kuti kumene munachokerako kuli matenda otupitsa m'mphechepeche. Amati mabomu, eti? Tiphunzitseni, ife ndife akumudzi."

Ena anaseka, ena anayang'ana m'zidebe. Palibe anandiyankhira.

Mufunsa kuti bwanji sindinangomuonetsa Esnati chotupacho. Kumuonetsa chiyani? Chotupa cha m'mphechepeche, mwanabere pambali, mabomu amaoneka choncho kumene. Kuchipatala ndinkafikako m'mawa uliwonse ndi mabanzi, koma wosesa kumeneko anali mnzake wa Esnati wa kukwaya. Ndikanangolowa m'chipinda cha anamwino, uthenga ukanandipitirira panjira n'kukandichingamira pamudzi. Ndinangokhala chete, chotupa chikukula, manong'onong'o akukula nacho.

Lachisanu lina Esnati anaima pakhomo panga osalowa. "Mawa madzulo banja likhala pansi. Adada apita okha kukaitana azakhali, mlongo wawo, kuti adzakuoneni m'nyumba. Akapeza chimene tikuganizacho, mulongedze. Za ana musalongedze."

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Thupi langa linali moto, mano akugundana. Mayi Kachingwe atandigwira pachipumi anati, "Lero musapite." Koma ine ndinaona kuti kugona pamphasa tsiku la mlandu ndi kuvomera mlanduwo. Ndinamanga bokosi n'kunyamuka.

Popita ndinapalasa choimirira, pena n'kumatsika kukankha. Mabanzi anafika onse, ouma bwino. Pobwerera mvula inatsika kuchokera kuphiri, yozizira yolowa m'mafupa. Nsanza za pachishalo zinanyowa, chitenje chinamatirira, msewu unasanduka phala lofiira. Miyendo inatopa kuimirira, ndinakhala pachishalo ndi chotupa chomwecho. Pali mtsetse wina wotsikira pakamlatho kamatabwa. Mabuleki onyowa sagwira, mudziwe zimenezo. Tayala lakutsogolo linagunda thabwa lotukuka, njinga inadumpha, ine n'kubwerera ndi thupi lonse pamphuno ya chishalo ija. Ndinamva phu! m'thupi mwanga, m'maso munayera, kenako ndinapezeka ndili m'ngalande, matope m'kamwa, mafinya ndi magazi zikutsika m'mwendo pamodzi ndi madzi a mvula. Fungo lake ndinalimva ndekha. Ndinayesa kudzuka, mwendo wakumanzere unakana.

Kunalibe munthu. Nkhungu yokhayokha, ndi tayala lakumbuyo likuzungulira lokha, tche, tche, tche, mpaka linaima. Sindidziwa kuti ndinagonamo nthawi yaitali bwanji. M'maso mwanga munkangobwera mphambano ija, ana anga akutembenuka kubwerera.

Ndiye ndinamva kachifuwa kouma. Kenako phwa, phwa, phwa m'matope.

Ana anga, imfa ndinali nditaivomera, koma ichi ayi. Lamulo linati ndithawire kutchire. Ndinakwawa ndi zigongono, osasuntha ngakhale utali wa mpini. Ndinangokoka pulasitiki ya mabanzi n'kudziphimba kumutu, miyendo yamagazi ili poyera. Nkhwayira zinafika pafupi, n'kuima. Anali apongozi, akuchokera koitana azakhali aja, oti adzandiweruze madzulo omwewo.

Kenako ndinamva akudzutsa njinga. Ndinamva legeni likuduka, nsanza zikugwa m'matope imodziimodzi. Atayankhula, mawu awo anali otsika, m'Chitumbuka chosakaniza ndi Chilambya, koma ine ndikuuzani m'chathu.

"Iwe njinga," anatero. "Ine sindikuyankhula ndi munthu aliyense pano. Ndikuyankhula ndi iwe."

Mvula inkagogoda papulasitiki.

"Mphuno wakwezera kumwamba ngati ng'ombe yonunkhiza mvula. Nsanza zako zadzaza magazi akale ndi atsopano. Anzako ndinawapalasapo ine, kupita ndi nyemba kumalire, mano anu ndimawadziwa. Iwe dzino lako lili kumanzere, pamng'alu apa. Tandiuza, wokukwerayo wamuluma mbali iti?"

Ndinazindikira kuti anditsegulira kakhomo. Ndinati: "Njinga, uwauze kuti kumanzere."

"Kuyambira liti?"

"Uwauze kuti kuyambira pamene ndinayamba kukukwera."

"Nanga osanena bwanji?"

"Uwauze kuti ndinalibe womutuma."

Anakhosomola, koma sikunali kukhosomola kwa masiku onse. Kenako jekete lawo linagwera pamiyendo panga, loponyedwa chambuyo. "Njinga, ndakugwira. Bokosi ndachotsa. Ndayang'ana kutsogolo ndipo sindicheuka. Wokukwera adzikokere pakaliyala, akhale cham'mbali."

Anandikankha choncho mpaka kuchipatala, munthu wokalamba, zitunda zonse zija, osacheuka ngakhale kamodzi. Ine kunsi kwa pulasitiki ndinkangoona zidendene zawo zong'aluka zikulowa m'matope n'kutuluka. Titafika pamsika anthu anatuluka m'makonde. Palibe anapereka moni. Mkamwana pakaliyala, apongozi ake aamuna akukankha! Ena anagwira pakamwa, mayi wina anatembenuza nkhope ya mwana wake. Mumtima ndinati basi, ngati ana sanapite chifukwa cha chotupa, apita chifukwa cha ichi.

Anamwino anali mayi wa ku Thyolo, wamanja olimba. Anatsegula bala, kufinya, kutsuka, kulowetsamo kansalu, n'kundibaya jakisoni. Jekete la apongozi ndinaliluma mpaka kuboola. "Ichi n'chithupsa chobwera ndi kupekeseka," anatero. "Khungu likasupuka, litsiro limalowa. Chinali chitayamba kulowa m'magazi, mayi. Mukanachezera m'ngalandemo, bwenzi tikukamba zina." Anafuna kundigoneka komweko. Ndinawachonderera kuti mlandu wanga usakambidwe ine kulibe, ndidzabwera m'mawa. Anandikalipira, koma anandilola, Mayi Kachingwe n'kundipezera ngolo.

Madzulo mvula inakata. Ndinagona m'nyumba kuseri kwa chitseko chotseka. Sindinasuzumire, chifukwa apongozi anali pabwalo pomwepo. Zambiri ndinamva ndi makutu, zina anandiuza azakhali pambuyo pake. Azakhaliwo analowa, anamasula bandeji, anayang'anitsitsa, n'kumanganso, n'kutuluka osandiuza kanthu. Panja Esnati anayamba: za bakha, za nsalu, za malole, n'kuwonjezerapo manyazi a pamsika. Ena ankavomereza. Dzina la Dowa linayamba kutchulidwa, ndi funso loti andiperekeze ndani. Ana anga anali atawakhazika kumbali ya abale a bambo awo.

"Esnati," anatero apongozi. "Msinkhu wako ndi wa mlamu wako ndi umodzi. Kwera njingayi, ukazungulire mjigo, ubwere."

"Adada, ine pa njinga ya malemu?"

"Kwera."

Ndinamva ng'wii, ng'wii, ikupita kutali. Pobwera sinalire. Akuti anabwera akukankha, nkhope itakwinyika, miyendo itatangadza.

"Wayenda ngati bakha," anatero azakhali. Wina anaphulika kuseka n'kudzigwira msanga. Azakhali anapitiriza: "Ine balalo ndaliona. Si la mwamuna. Ndi bala la goli, longa limene ng'ombe imachita pakhosi goli likakhala losasemedwa bwino."

Kenako ndinamva chitsulo chikugogoda. Apongozi anali atatulutsa sipanala yawo. Nati ya chishalo inali itagwira dzimbiri. Anathira palafini, kugogoda, kupotoza, mpaka inalira kwee.

"Adada, mukumasula cha malemu! Munaletsa nokha!" anafuula Esnati.

"Ndinaletsa ndine, ndikumasula ndine. Mwana wanga ndinamuika m'manda ndi manja awa. Mukufuna ndiikenso mayi wa ana ake chifukwa cha chikopa cha ng'ombe?" Apongozi anagwetsa chishalo chija pamphasa pakati pa onse, masipuling'i n'kulira komaliza. "Mumafuna mwamuna amene wamupweteka mkamwana. Ndi uyu. Anamupatsa ndine. Wofuna kuthamangitsa munthu ayambe ndi ine."

Patapita kanthawi chitseko chinakankhidwa. Tiwonge analowa n'kudzagona pambali panga, Lusayo pambuyo pake, ndipo palibe anabwera kudzawatenga.

Sindinakwerenso mpaka bala linatseka n'kuuma, Mayi Kachingwe akundisungira malo. Anandibweretsera chishalo cha ku Tanzania, chotambalala kumbuyo, chosalala. Amene anachimanga panjinga ndi apongozi, mwa njira yawo yomwe ija. Anasiya khala pakhonde panga, amvekere: "Njinga, wokukwera aime chilili pakhoma, osavala nsapato, alembe pamene pafika fupa la m'chiuno." Iwo n'kupita kuseri kwa khola. Ndinalemba, n'kulowa m'nyumba. Anatsitsa chishalo kufika pamzerepo. Kenako anaika kathabwa pamwamba pake, pakathabwapo mbale ya madzi, n'kumasuntha mphuno mpaka madzi anakhala mofanana mbali zonse, ndiye n'kulimbitsa nati. "Njinga, akakhala pa iwe aike chidendene papedulo ya pansi. Mwendo uwongoke, chiuno chisagwedezeke. Chikagwedezeka, unene." Atachoka ndinapeza pakaliyala kabudula wa mpira wa malemu, wofewa, wopindidwa bwino. Mawu ake anasiyanso ndi njinga: "Azivala ameneyu mkati mwa chitenje. Wofunsa adzafunse ine."

Ndiye inu amene mukuyamba, tengani izi. Chishalo si cha mwini njinga, ndi cha wokhalapo. Chifike pafupa la m'chiuno mwanu, chigone mofanana, mphuno isaloze kumwamba. Chikang'aluka, sinthani, musachikulunge nsanza. Mkati valani chofewa, chopanda msoko pakati, chochapa ndiponso chouma. Pakani vaselini musananyamuke, osati mutabwera. Mukafika sambani ndi sopo, mupukute mpaka paume. Khungu likasupuka, njinga ipume. Pakamera cholimba ndi chotentha, thamangirani kuchipatala, osesa anene zimene akufuna. Ine chimene chinatsala pang'ono kundilanda ana sichinali chikopa chokha. Chinali kusowa womuuza. Mukasowa munthu, uzani ngakhale njinga, bola womva ali pafupi.

Mayi Kachingwe anakalamba n'kubwerera kwawo ku Ntcheu, uvuni anasiyira ine, ndi yomwe mukuphikiramoyi. Anamwino aja anasamutsidwa chaka chotsatira, sindinamvenso za iwo. Azakhali anamwalira akundisekabe za bakha. Esnati sanapepese, si munthu wopepesa. Anakwatiwanso ku Wenya, ndipo mwana wake wamkazi atayamba kupalasa popita kusukulu, anabwera naye pano ndi njinga, amvekere: "Mulamu, tachionani chishalochi." Ndinachiona. Tiwonge akuphunzitsa kufupi ndi ku Mughese, kumene amalima khofi. Lusayo ali ndi njinga yamoto, amanyamula anthu kupita kuboma. Njinga ya bambo ake anailandira atakula, koma anandibwezera, akuti chishalo chake n'chachifupi.

Chishalo chakale chija apongozi anachipachika kudenga m'nyumba mwawo, pamene njinga inkakhala. Nkhope yawo sindinaione mpaka lero. Anthu amati ndikafuna kuidziwa ndiyang'ane Lusayo. Apongozi atadwala matenda omaliza, anatuma Esnati kuti njinga ibwere, itsamire pawindo la chipinda chawo. Ndinaikankha ndekha, n'kugwada kunja pafupi ndi tayala, chitenje kumutu. Kachifuwa kaja kanalira nthawi yaitali. Kenako mawu anatuluka pawindo, otsika kwambiri.

"Njinga, ulipo?"

"Uwauze kuti ndilipo."

"Wandilerera bwino ana. Yewo."

Ndinagwira sipoko ya njinga. "Njinga," ndinatero, "uwauze ayende bwino. Msewu wa ku Dowa ndinauiwala."